Tikamuikira munthu Linux, tisamathawe akabwera kudzadandaula

Loweruka lina m'mawa ndili pa tiyi, ndinamva njinga yamoto ikuima pakhomo. Anali aphunzitsi ena a pulayimale kuno ku Mhuju, bambo aulemu wawo amene anaphunzitsapo ngakhale achimwene anga. Laputopu ili m'khwapa, mapepala ali m'manja. Monire anapereka ndithu, koma wothamanga.

"Adada, mwandipha," anatero. "Mayeso ndi Lolemba. Taonani zimene zatuluka."

Masabata awiri m'mbuyomo ndinali nditawachotsera Windows pa laputopu yawo n'kuikapo Linux Mint. Laputopuyo inali yakaunjika, yogula ku Mzuzu, ndipo inali itadzaza mavairasi a pa fulashi, aja amasandutsa mafoda onse kukhala mashotikati. Iwo analemba mayeso a masamu bwinobwino, n'kuwaika pa fulashi, n'kukwera ulendo wa ku Rumphi boma kukapulinta. Zimene zinatulukazo zinali zomvetsa chisoni. Matebulo anasuntha, funso lili tsamba lino chojambula chake chili tsamba linalo, manambala ena atakwerana. Ndalama ya mapepala yapita, ya mafuta yapita, ndipo sinali ya m'thumba mwawo.

Mawu oyamba amene anafika pakamwa panga anali akuti, "Vuto si Linux." Mwamwayi ndinawameza. Mwaukadaulo ndikanakhala ndikunena zoona. Iwo analembera mu LibreOffice, a kopulintira anatsegulira mu Word, ndipo mapulogalamu awiriwa sayala tsamba mofanana nthawi zonse, makamaka ngati mtundu wa zilembo uli pa kompyuta imodzi koma pa inayo palibe. Mankhwala ake ndi a mphindi ziwiri: musanachoke pakhomo, sungani fayiloyo ngati PDF, ndiye kulikonse ikatuluka momwe mwaionera. Koma ndani anawauza zimenezi? Ine tsiku loika lija ndinangoti, "N'chimodzimodzi ndi Windows, kungoti iyi ndi yaulere komanso mavairasi aja muiwale." Ndinalalikira, sindinaphunzitse.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu ngati aphunzitsiwa achuluka, ndipo achulukirabe. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene alowa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Windows 11 imafuna makina atsopanoko, okhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akale amene timagula m'misika yathuyi sakwanira. Ndiye mnyamata aliyense wodziwako kompyuta akuuza abale ake kuti njira ndi Linux. Sakunama. Laputopu imene Windows ikuikana imatha kugwira ntchito zaka zina zingapo ndi Linux Mint kapena Lubuntu. Funso langa ndi lakuti, tikawalowetsa anthuwa m'nyumba, tiwasunga bwanji?

Kwa inu amene mukuwerenga pa foni ndipo mukuti izi ndi za anthu a makompyuta, dziwani kuti ngati foni yanu ndi ya Android, mtima wake ndi Linux yomweyo. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ndi pulogalamu yotseguka, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woona momwe inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena. Pa kompyuta imabwera m'mitundu yambiri: Debian, Ubuntu, Mint, Fedora ndi ina. Kulibe ofesi ku Mzuzu kapena ku Lilongwe komwe ungapite ndi lisiti kukadandaula. Ofesi yake ndi munthu amene anakuikira. Kuno ku chigwa cha Henga, kwa anthu angapo, ofesiyo ndine.

Tsono tamvani momwe ife a "ofesi" timayankhira. Munthu akati Wi-Fi sikugwira, timati, "Ingopangani update." Tanena zoona, koma taiwala kuti malaputopu ena akale, makamaka okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, amafuna intaneti kuti akatenge dalaivala yoti intanetiyo igwire. Munthu wa kumudzi sadziwa kuti atha kulumikiza foni ndi chingwe n'kubwereka netiweki ya foniyo. Akati pulogalamu yakuti ikukana, timamutumizira mzere wa mawu achilendo woti alembe mu terminal, osamuuza kuti mzerewo uchita chiyani. Akalakwitsa chilembo chimodzi, timaseka. Wina akafunsa funso limene tinayankhapo kale, timati, "Kafufuzeni pa Google." Wina akati mtundu uwu ukundivuta, anyamata atatu amalumphira, aliyense ndi mpingo wake: uyu akuti ika Fedora, uyo akuti Arch ndiye ya amuna. Abale, Ubuntu ya masiku ano kuti uitsitse pa intaneti ndi ma GB pafupifupi 6. Munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi, netiweki yake yochita kusakira pachulu, mukumuuza kuti angoyesako mitundu itatu?

Mayankho amenewa tinawatengera kwa anzathu akunja, amene intaneti yawo sawerengera ndiponso magetsi sawathimira pakati pa ntchito. Ngakhale kwawoko khalidweli linawavuta. Torvalds mwiniwake ankadziwika ndi kukalipira anthu mwaukali akalakwitsa, mpaka mu September 2018 anapepesa poyera, n'kupuma kaye pa ntchito kwa kanthawi, ndipo gulu lopanga Linux linakhazikitsa malamulo atsopano a kakhalidwe. Ngati mwini mudzi anafika poona kuti pakamwa pake pakuthamangitsa anthu, ife ongoika pa fulashi tikudzitukumula ndi chiyani?

Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndi dzina lakuti Ubuntu. Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu umenewu mu October 2004, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu. Kwa zaka zingapo, mpaka 2011, kampani yake ya Canonical inkatumiza ma CD aulere pa positi kwa aliyense wopempha, chifukwa inkadziwa kuti si onse angathe kutsitsa pa intaneti. Anthu a ku Ulaya ndi ku America anachita kufunsa tanthauzo la liwulo. Ife tinabadwa nalo. Koma tikakhala kutsogolo kwa kompyuta timasanduka ena.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Dandaulo la munthu watsopano nthawi zambiri limaloza chinthu chimene ife tinasiya kuchiona chifukwa tinachizolowera. Aphunzitsi aja sanali kunyoza Linux. Anali kundiuza kuti kuno palibe amene amapulinta kunyumba, aliyense amanyamula fulashi kupita kwa munthu wa Windows, choncho phunziro loyamba la Linux ku Mhuju liyenera kukhala PDF, osati terminal. Palibe buku lakunja likanandiuza zimenezo.

Chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Bungwe la Baobab Health, limene Gerry Douglas anali mmodzi mwa oliyambitsa, linayamba kuika makompyuta ongogusa ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, ndipo pambuyo pake dongosololi linafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV, likuyendera mapulogalamu otseguka. Anthu amenewo sanauze anamwino ndi makalaliki kuti akaphunzire kaye kompyuta. Anaona kuti ambiri sanagwirepo mbewa ya kompyuta, ndiye anaichotsa, n'kuika mabatani akuluakulu ndi funso limodzi pa nthawi imodzi. Anasintha makina kuti agwirizane ndi munthu. Ife timafuna munthu asinthe kuti agwirizane ndi makina, akalephera timati ndi waulesi.

Koma ndisakometse mbali imodzi. Alipo alendo ena amene amafika ndi mtima wa kasitomala pamalo pamene sanalipire kanthu. Ndinaimbiridwapo foni 11 koloko usiku ndi munthu amene gemu yake inakana, mawu ake ngati ndili ndi ngongole naye. Wina ananena pagulu kuti ndinamuonongera laputopu, pamene batire lake linali litafa kale ndisanaigwire. Zoterezi zimatopetsa, ndipo munthu wothandiza mwaulere akatopa amangosiya, osatsanzika.

Nkhani imeneyi si yaing'ono, ndipo dziko linaphunzira movutikira. Pali kapulogalamu kotchedwa xz, kopanikiza mafayilo kuti achepe, kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, mosalipidwa. Mu 2022 anthu ena anayamba kumupanikiza ndi madandaulo, kuti akuchedwa, kuti ngati watopa apereke ntchitoyo kwa wina. Iye anafotokoza kuti sakupeza bwino m'maganizo ndiponso kuti imeneyi ndi ntchito yongodzipereka. Mapeto ake anagawana udindo ndi munthu wodzitcha Jia Tan, amene ankaoneka wothandiza kwambiri. Mu March 2024 katswiri wina wa ku Microsoft, Andres Freund, anadabwa kuona kuti kulowa mu kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi. Atafufuza anapeza kuti Jia Tan anabisa khomo lachinsinsi mu xz, loti likanatsegulira akuba makompyuta ambirimbiri padziko lonse. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti odandaula aja anali mbali ya chiwembucho. Chida chawo chinali chomwe chija timachiona tsiku ndi tsiku: kulankhula kwa munthu wodzipereka ngati wantchito wako.

Ndiye inu amene mwangoyamba kumene, muli ndi ufulu wodandaula, ndipo musalole wina akuchititseni manyazi chifukwa chofunsa. Safunsa anadya phula. Koma funsani mothandiza wokuthandizaniyo. "Sikugwira" si funso. Nenani mtundu wa laputopu, Linux yake iti, mumachita chiyani pamene zinavuta, ndipo jambulani ndi foni uthenga umene watuluka. Mukatero mwamuchepetsera munthu ola lathunthu la kulosera. Zikatheka, bwererani mudzanene kuti zatheka, chifukwa yankho lomwelo lidzathandiza wina mawa. Ndipo kumbukirani kuti amene akukuyankhaniyo nayenso ali ndi munda wake wa fodya, kalasi yake, kapena mwana wodwala. Yewo imodzi imagula zambiri.

Komabe mtolo waukulu ndikuusenzetsa ife oika, chifukwa madandaulo ambiri amabadwa tsiku loikalo, pa zimene tinalonjeza. Munthu amene anauzidwa kuti zonse zikhala chimodzimodzi ali ndi chifukwa chokwiyira akapeza kuti sizili choncho. Amene anauzidwa kuti sabata yoyamba ivuta, kuti Word kulibe koma kuli china chofanana nayo, kuti pulinta ina imagwira yokha ina imafuna kulimbana nayo, ameneyo akakumana ndi vuto amati, "Paja ananena." Vuto ndi lomwelo, mtima ndi wina.

Ndipo tivomereze kuti si aliyense ayenera kusamuka. Mnyamata wolemba zikwangwani amene chakudya chake chili mu CorelDRAW kapena Photoshop, musamunamize kuti Inkscape ndi GIMP azizolowera pofika Lachisanu ali ndi maoda a anthu m'manja. Wophunzira amene mayeso ake a kompyuta akawalembera pa Word ndi Excel, musamusokoneze mwezi wa mayeso. Linux ili ndi mwayi umene Windows ilibe: imatha kuyenda kuchokera pa fulashi osakhudza kanthu m'kati mwa kompyuta. Mpatseni munthu aiyese, aone ngati Wi-Fi, mawu ndi kamera zikugwira, atsegule mafayilo ake enieni. Akakana, wakana. Kumuuza munthu kuti "inu khalani pa Windows" si kugonja. Ena mwa ife timawerenga anthu amene tawaikira ngati mbusa wowerenga obatizidwa, osafunsa kuti ndi angati abwerera mwakachetechete kwa mnyamata wa pamsika kukaikitsanso Windows yakuba.

Masiku ano ndisanagwire laputopu ya munthu ndimayamba ndi mafunso. Mumaigwiritsa ntchito yanji? Mumapulinta kuti? Mafayilo anu muli nawo pena? Ndikaika, timakhala limodzi ola lathunthu, mbewa ili m'manja mwake, osati mwanga. Ndimamuuzanso nthawi imene angandiimbire ndi imene sangandiimbire, ndipo palibe amene anakhumudwapo nazo.

Za aphunzitsi aja, tinakhala pakhonde tsiku lomwelo n'kukonza matebulo awo, kenaka ndinawaonetsa batani la PDF. Analidina okha katatu kuti atsimikize. Theka la ndalama yopulintiranso ndinapereka ine, ndipo sanakane. Anabwereranso ku boma masana omwewo, ana analemba mayeso Lolemba.

Mwezi watha anabweranso, ulendo uno ndi mphunzitsi mnzawo wamkazi amene laputopu yake yayamba kuvuta. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anayamba okha kumufotokozera. "Amama, si Windows iyi, asakunamizeni. Sabata yoyamba mudzafuna kuitaya. Ndipo chilichonse chopita kopulinta, PDF." Mayiyo anaganiza kaye, n'kunena kuti ayamba waiyesa pa fulashi mpaka teremu ithe. Fulashi yanga ya 16 GB ili kwawo mpaka pano.