Mutu wa sikuluwu ukatsalira kunja, woluza ndi wogulitsa

Amalonda a hadiweya amene amaodetsa mahinjesi ndi mabulaketi kwa odula zitsulo ndi makina a CNC amalimbana kwambiri pa mtengo, koma za chamfer sazitchula n'komwe. Chamfer ndi kusenga mopendekera mphepete mwa chitsulo kapena pakamwa pa bowo, kuti pasacheke zala komanso kuti mutu wa sikuluwu ulowe bwino. Ntchito imeneyi ikalakwika, katundu amakhalitsa pa benchi pomwe wodula anatenga kale ndalama zake.

Masamu ake si ovuta, ndipo wogulitsa aliyense ayenera kuwadziwa. Chida chofala ndi cha madigiri 90, chimene chimasiya kupendekera kwa madigiri 45. Pa chida chotere, kuzama ndi kutambalala kwa chamfer n'kofanana. Sikuluwu ya M6 yamutu wolowa nthawi zambiri imakhala ndi mutu wa mamilimita 12, ndipo bowo lake limakhala la 6.6. Kuchotsa 6.6 pa 12 patsala 5.4, theka lake ndi 2.7. Kumeneko ndiko kuzama kwa chamfer. Ngati chitsulo ndi chokhuthala mamilimita 3 okha, khoma la bowo latsala 0.3 basi, ndipo bulaketi yotero mphamvu yachepa. Kulibwino kuoda chitsulo cha mamilimita 4 kapena 5.

Wa makina ali ndi nambala inanso yoyang'ana. Nsonga yeniyeni ya chida imatsika mamilimita 6 kuchokera pamwamba pa chitsulo, osati 2.7. Chida chansonga yafulati ya mamilimita 2 chimatsika 5. Akapyola ndi theka la milimita, pakamwa pa bowo pamakula ndi milimita yathunthu. Akaperewera, mutu umatsalira kunja, chitseko n'kumakwecha.

Palinso msampha wa masikuluwu oyezedwa m'mainchesi a ku America, amene mitu yake ndi ya madigiri 82. Mu bowo la madigiri 90 sakhazikika bwino, ngakhale ndi maso amaoneka ofanana ndi enawa.

Ena amati izi n'za mainjiniya, wamalonda angoona mtengo. Koma kasitomala akabweza katundu sapita kwa injiniya. Pa oda pazilembedwa manambala, monga 1 x 45°, ndipo sikuluwu yeniyeniyo ipite limodzi. Wodula ayambe watulutsa chimodzi chokha, chiyesedwe ndi sikuluwuyo, kenako adule zotsalazo 199. Akakana kupereka sampulo, dipoziti isatuluke.