Kodi Adasonkha Motowo Ndani?

Mwezi uno ndikutengerani kutali, ku America, mu mzinda wa Austin umene uli likulu la chigawo cha Texas. Pamene ndidali kumeneko pa maphunziro, mnzanga wina adandidzutsa mbandakucha Loweruka lina, nati tikadye nyama imene anthu ena amaikwerera ndege. Tidafika pa nyumba yodyeramo ija dzuwa litangotuluka, koma tidapeza mzere utakhota kale mpaka kuseri. Ena adabwera ndi mipando yopinda, ena maambulera, ena mabotolo a mowa. Chitseko chidatsegulidwa nthawi ya 11 koloko, ndipo ife tidalandira chakudya chathu dzuwa litapendeka. Dzina la nyumbayo sinditchula, pakuti mlandu umene ndili nawo suli wa mwini malo mmodzi ayi.

Ndiyambe ndi kuvomera zoona, kuti wina angati nkhandwe yalephera kufikira chipatso. Nyamayo idali yokoma koposa. Eni ake amaitcha barbecue, ndipo mfumu yake ndi chidale cha ng'ombe, chimene iwo amati brisket. Chidale ndi nyama ya pachifuwa, imene imasenza thupi la ng'ombe poima ndi poyenda, n'chifukwa chake ndi yolimba ndi yodzala mitsempha. Mutaiotcha pa makala mwachangu monga tichitira kanyenya, mudzatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Tsono iwo amaithira mchere ndi tsabola wakuda, naiika m'ng'anjo yachitsulo yonga thanki lalitali logona, moto uli m'kabokosi kake kumbali, kotero kuti lawi siliikhudza. Utsi wa nkhuni za mtengo wa oak ndiwo umailowa pang'onopang'ono kwa maola 12, nthawi zina kupitirira. Mitsempha ija imasungunuka, kunja kumachita khungu lakuda bii, m'kati nyama imafewa mpaka kuduka ndi chala. Nthiti za nkhumba zimapsa msanga, maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nyama iyi mwambiwo uli ndi umboni.

Nanga ngati idakoma chotere, ndikudandaula chiyani? Ndili ndi milandu itatu, ndipo kuti imveke tiyenera kuyamba tabwerera m'mbuyo.

Liwu loti barbecue lidachokera kwa Aspanya, amene adalimva kwa eni nthaka a pa zilumba za Caribbean, kumene barbacoa chidali thandala la mitengo lowambirapo nyama ndi nsomba. Luso limeneli litafika kumwera kwa America, amene adalisenza kwa zaka mazana adali akapolo ochokera kuno ku Africa ndi zidzukulu zawo. Pa zikondwerero za ufulu wa dzikolo pa 4 July, ndiponso pa misonkhano ya ndale, ndiwo ankakumba maenje aatali, kugwetsa mitengo, kusenda nkhumba, nkhosa ndi ng'ombe, ndi kuchezera usiku wonse akutembenuza nyama pa makala. Kutacha, mabwana ankakhala pa mthunzi nalankhula za ufulu, pamene ophikawo adali katundu wogulitsidwa pa msika. Pa 19 June 1865, mkulu wa asilikali Gordon Granger adalengeza ku Galveston kuti akapolo a ku Texas ndi mfulu. Kuyambira pamenepo anthu akuda amakumbukira tsikuli, limene amalitcha Juneteenth, ndipo pa chikondwererocho nyama yowamba siisowa. Mu 2021 boma la America lidalisandutsa tchuthi cha dziko lonse.

Pakati pa Texas nkhaniyi idayenda mwa njira ina. Ogulitsa nyama ochokera ku Germany ndi ku dziko la Acheki, monga a Kreuz Market ya ku Lockhart imene idayamba mu 1900, ankawamba nyama yotsala kuti ingaole, pakuti mafiriji kudalibe. Ambiri mwa oigula adali aganyu othyola thonje, akuda ndi a ku Mexico, amene ankailandira pa pepala lokulungira nyama naidya ndi manja. Ku Kansas City nako, munthu wakuda dzina lake Henry Perry, wochokera kufupi ndi Memphis, adayamba mu 1908 kugulitsa nyama yowamba m'kanjira ka pakati pa nyumba, ataikulunga m'nyuzipepala, pa mtengo wa masenti 25. Iye atamwalira mu 1940, ntchito yake idapitirira m'manja mwa Charlie Bryant ndi mbale wake Arthur. Kumeneko nsonga zopserera za chidale ankazisiya pa thebulo kuti oima pa mzere azitola ulere. Lero nsonga zomwezo zili ndi mtengo wakewake pa mndandanda wa zakudya.

Mlandu woyamba tsono ndi kuiwala. M'nyumba ija ndidaona zithunzi pa khoma, ndidaona malaya ndi zipewa zogulitsa zolembedwa dzina la malowo, koma za amene adachezera pa maenje aja sindidaone ngakhale mzere umodzi. Pamene barbecue idayamba kutchuka pa wailesi yakanema ndi m'magazini, nkhope zimene zidaonetsedwa kwambiri zidali za azungu, mpaka mlembi wina wakuda, Adrian Miller, adalemba buku lathunthu mu 2021, lotchedwa Black Smoke, pofuna kubwezera anthu akuda malo awo m'mbiriyi. Inde, alipo amene adalandira ulemu, monga Rodney Scott wa ku South Carolina amene adapata mphotho ya James Beard mu 2018. Komabe pofunika kulemba buku kuti anthu akumbukire amene adawaphikira zaka mazana, pamenepo pali bala. Makolo athu adati wopusa adaimba ng'oma, wochenjera navina. Oimba ng'oma a nkhani ino sadali opusa konse. Adali omangidwa manja ndi ukapolo, ndipo pambuyo pake ndi malamulo a tsankho amene adawamana ngongole za kubanki ndi malo abwino a malonda.

Mlandu wachiwiri ndi mtengo. M'zaka zaposachedwa, m'nyumba zotchuka za ku Austin, paundi imodzi ya chidale, yosakwana theka la kilogalamu, idapitirira madola 30. Malipiro otsikitsitsa amene lamulo la America lidakhazikitsa mu 2009, amenenso Texas amatsata, ndi madola 7.25 pa ola, ndipo pofika 2024 adali asanakwere. Werengani nokha. Wolandira malipiro amenewo ayenera kugwira ntchito maola opitirira anayi kuti agule paundi imodzi, popanda buledi kapena nyemba. Onjezani pamenepo maola a pa mzere. Kodi mayi wotsuka zimbudzi za m'mahotela, kapena bambo wofolera nyumba pa dzuwa la ku Texas, angataye theka la tsiku atakhala pa mpando wopinda? Chakudya chimene chidakula m'manja mwa othyola thonje chasanduka cha okhawo amene ali ndi ndalama ndi nthawi yomwe. Mu 2024 buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa nyumba zodyeramo zapamwamba, lidapatsa nyenyezi nyumba zinayi za barbecue ku Texas. Anthu adaomba m'manja, koma ine ndidadzifunsa ngati nyenyezi idatsitsako mtengo wa chakudya ndi kale lomwe.

Wina adzati, mwalankhula ngati munthu amene sadagulitsepo kanthu. Ndimve mbali yake. Chidale chikasadzidwa mafuta ndi kuwambidwa chimataya pafupifupi theka la kulemera kwake. Nkhuni ndi zodula, lendi ya mumzinda ndi yodula, ndipo mu January 2024 chiwerengero cha ng'ombe ku America chidatsika kufika pamene sichidafikepo kuyambira 1951, makamaka chifukwa cha chilala. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti mwini malo aliyense ndi wadyera. Ambiri adayamba movutika. Aaron Franklin, amene lero ndi wotchuka dziko lonse, adayambira m'kangolo m'mbali mwa msewu mu 2009. Koma ngati mtengo wakwera chifukwa cha ntchito yowawa, funso langa ndi ili: kodi ndalamazo zimafika kwa wogwira ntchito yowawayo? Nditatha kudya ndidazungulira kuseri, ndipo ndidapeza mnyamata maso ali psuu ndi utsi, amene adandiuza kuti adalowa ntchito usiku wathawo. Pa mzere wonse uja palibe amene adamfunsa dzina.

Mlandu wachitatu ndi umene udandiwawa koposa, ndipo ndi wa ife odya. Pa thebulo loyandikana nafe padakhala anyamata anayi amene adaitanitsa thireyi yodzala tho, chidale, nthiti, masoseji ndi zina. Asanalawe kanthu adaimirira pa mabenchi ndi mafoni awo, kujambula uku ndi uku, kusuntha nthiti kuti zioneke bwino, mpaka mafuta adayamba kuundana. Adadya pang'ono, natumiza zithunzi pa Instagram, nanyamuka. Zotsala zonse zidapita m'bini. Ng'ombe idafa, mtengo udagwetsedwa, munthu adachezera usiku wonse, kuti anyamata anayi auze anzawo kuti tidafikako. Barbecue yakale idali chakudya cha mudzi wonse, cha pa ukwati, pa msonkhano ndi pa tsiku la ufulu, pamene nyama imodzi inkagawidwa kwa khamu. Kuisandutsa chionetsero cha munthu mmodzi ndi foni yake ndiko kuinyoza.

Sindikuuza munthu kuti aleke kudya nyama yowamba, ndipo ine ndemwe nditabwerera ku Texas ndikadyanso. Koma ndikapita kosiyana. M'matauni aang'ono ndi m'madera a anthu akuda ndi a ku Mexico zilipobe nyumba za mabanja zimene zawamba nyama mibadwo ingapo popanda mzere wa makamera. Ina mwa izo ndi Jones Bar-B-Q Diner ya ku Marianna, m'chigawo cha Arkansas, ya banja la anthu akuda, imene idalemekezedwa ndi bungwe la James Beard mu 2012. Inu amene muli ndi ana kapena abale ku America, ndi inu amene mudzapitako, mukadzaitanidwa ku chakudya chotere mudzaitanitse zimene mungathe kumaliza, ndipo zotsala mudzanyamule. Mudzalipire mowolowa manja amene akutumikirani. Ndipo musanachoke, mudzazungulire kuseri kumene kuli nkhuni, mukapereke moni kwa wosonkha moto ndi kumfunsa dzina lake ndi amene adamphunzitsa.