Mtendere wa katapira

Pali mnyamata wina kwathu ku Ndirande amene ndinamuona akukula. Amasuta chamba kuseri kwa shedi yowotcherera zitsulo, ndipo ndikamufunsa amangoti, "Madala, mutu umazizira." Sindimutsutsa, umaziziradi. Koma kale ndudu imodzi inkamukwanira tsiku lonse. Lero amayatsa asanasukusule, ndipo tsiku loti m'thumba mwauma sagona, amakalipira aliyense, ngakhale mayi ake omubala. Mtendere wotere ndi katapira. Wakubwereka madzulo, mmawa ali pakhomo kudzatenga zake ndi chiwongoladzanja.

Ophunzira ena amati mankhwala ozunguza bongo amatsegula maso a mumtima. Ayambe amva za Richard Alpert. Uyu anali mphunzitsi pa yunivesite ya Harvard, ndipo anachotsedwa ntchito mu 1963, chaka chomwe mnzake Timothy Leary anachotsedwanso, pa nkhani ya mankhwala omwewa. Mankhwala a LSD anamwa kosawerengeka, zodabwitsa anazionadi, koma mankhwala akatha m'thupi ankapezeka ali munthu yemwe uja, nkhawa zake zili phee kumudikira. Mu 1967 anapita ku India, nakumana ndi mphunzitsi wa zauzimu Neem Karoli Baba, nabwerako akutchedwa Ram Dass, wophunzitsa anthu kusinkhasinkha.

Sindinama kuti kusinkhasinkha n'kokoma. Khalani pa mkeka, tsekani maso, mverani mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Mphindi ziwiri sizitha, lendi yafika m'mutu, fizi ya mwana, mawu achipongwe amene munauzidwa chaka chatha. Mwendo uchita dzanzi. Ntchito yake ndi yomweyo: kuziona zonsezi osathawa, n'kubwerera ku mpweya, lero, mawa, mkucha. Zimene chamba chimaphimba, apa umaziyang'ana m'maso mpaka zitaleka kukuopsa. Ku ndende ya Tihar ku Delhi, mu 1994, mkulu wa ndendeyo Kiran Bedi anaitana mphunzitsi S.N. Goenka kudzaphunzitsa kusinkhasinkha kwa Vipassana akaidi pafupifupi 1,000, masiku khumi osalankhula. Akaidi, anthu amene ife tinawataya kale!

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Mu 2020 aphungu athu analoleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo tinakamba za madola mpaka kukamwa kuuma. Za mutu wa mnyamata amene akusuta chinacho, zii. Kumapemphero nako zimkuzamawu zimabangula usiku wonse, ndipo ukatchula zokhala chete ena amakuyang'ana ngati wabweretsa zamizimu, kuiwala kuti Yesu yemwe ankachoka pagulu kukakhala yekha kuphiri. Abusa, mashehe, aphunzitsi, mphindi khumi zokha za bata mukuzisowa?

Sabata yatha ndinamukhazika mnyamata uja pakhonde panga. Anapirira mphindi zinayi, nadzuka thukuta lili kamukamu, nati m'mutu mwake muli phokoso ngati mumsika. Loweruka ndamuitananso.