Komboni Si Bwalo la Nkhondo

Mphunzitsi mnzanga, munthu wokonda mabuku a nkhondo, anatiuza tsiku lina mu sitafu kuti umbava m'Chipata ungathe m'mwezi umodzi apolisi atayamba kuganiza monga asilikali. Anatenga coko n'kuyamba kujambula pa thebulo: zingani komboni usiku, tsekani tinjira tonse totulukira, lowani m'bandakuca mdani akali mtulo. Ndinamufunsa kuti, “Aphunzitsi, mdaniyo ndani?” Pakuti m'nyumba zimene anali kuzinga ndi cokozo ndi mmene mumagona ana amene iye ndi ine timaphunzitsa.

Nzeru imeneyi ndimaikana, ndipo amene amaiyesa yatsopano sanawerenge mbiri ya tauni yawo. Chipata anali Fort Jameson, dzina la linga, ndipo anakula pambuyo pakuti asilikali a Angelezi agonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 ndi kupha Nsingo. Gulu la Northern Rhodesia Police linali ndi nthambi ya usilikali mkati mwake mpaka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930. Kapokola wa nthawi imeneyo anabwera kudzagwira anthu ogonjetsedwa, osati kudzatumikira eni dziko. Pamene dzina linasintha kucoka ku Force kukhala Service, tinauzidwa kuti zimenezo zatha. Lero munthu wa digiri akufuna kutibwezera komweko, ati ndiko kutsogola.

Msilikali amaphunzira kuona gulu, wapolisi ayenera kuona munthu mmodzimmodzi. Msilikali akawina, mdani amathawa kapena kufa, nkhani yatha. Wapolisi akagwira mbava, nchito yangoyamba kumene: afunika mboni, afunika umboni woti uime pamaso pa majisitileti, ndipo mawa adzakagula tomato pa msika wa Kapata kwa azakhali a yemwe wamugwirayo. Ku nkhondo amawerengeratu kuti ena osalakwa adzafera m'njira. Kodi ife tiwerengeretu ana angati?

Sindikuyerekeza cabe. Mu October 2018 Vespers Shimuzhila, wophunzira pa UNZA, anafa utsi wokhetsa misozi utaponyedwa m'nyumba zogona ophunzira. Mu February 2020, nthawi ya mantha a gasi ija, Frank Mugala, mwana wa sukulu wa zaka 14, anaomberedwa ku Chazanga. Pa 23 December 2020, pamene Hakainde Hichilema anaitanidwa kukafunsidwa ku likulu la apolisi mu Lusaka, anaomberedwa Joseph Kaunda ndi Nsama Nsama, loya wa boma amene sanali ngakhale m'gulu lomwe linali kubalalitsidwa. Kwa amene amaona khamu monga mdani, onsewa anangopezeka pa malo olakwika. Kwa ine, ndiwo anthu amene yunifomu ija inasokedwera kuti iwateteze.

Mnzanga uja ali ndi mfundo imodzi, ndipo sindimulanda. Acifwamba a mfuti sungawagwire ndi kumwetulira. Pafunika kagulu kophunzitsidwa bwino, kodziwa kuzinga nyumba imodzi popanda kuvulaza ya pafupi. Kusunga nthawi, kukonzekera, kudziwa msewu uliwonse wa Navutika ndi Mchini, kumvera lamulo lakuti usaombere: zimenezo atengeni ku Gonda Barracks ngati akufuna. Koma nkhwangwa yodulira mtengo simetera mwana tsitsi. Ngakhale Robert Peel, poyambitsa apolisi a ku London mu 1829, anawaveka zobiriwira ngati thambo kuti asafanane ndi asilikali ovala zofiira. Angelezi omwewo kwawo anadziwa kusiyanitsa; kuno kwathu ndiko anatitumizira linga.

Ndipo ngati tikamba za nzeru za nkhondo, mkulu wa asilikali aliyense adzakuuzani kuti gulu lopanda azondi ndi lakhungu. Azondi a wapolisi ndani? Ndi mayi wogulitsa makala amene amaona wolowa ndi wotuluka. Ndi mnyamata wa njinga amene amadziwa katundu wonyamulidwa usiku kuloza ku Mwami. Anthu amenewa salipidwa, amalankhula cifukwa cokhulupirira, ndipo akamenyedwa mbama kamodzi amatseka pakamwa zaka khumi.

Caka catha mwana wa m'kalasi mwanga, wa giledi 12, anagwidwa pa shishita akucokera kowerenga kwa mnzake. Anawaonetsa makope, iwo anamuuza kuti akafotokoza kutsogolo. Anagona mu selo, anaphonya mayeso a masamu a pakati pa temu, amayi ake anakongola ndalama. Palibe mlandu umene anamutsegulira.

Patapita miyezi iwiri, m'nyumba ya aneba awo munathyoledwa usiku, anaba wailesi ya kanema ndi matilesi. Mnyamatayo anaona nkhope za akubawo pa windo, ndipo mmodzi amamudziwa ndi dzina. Anandiuza ine pa nthawi yopuma, motsitsa mawu. Ndinamupempha kuti tipite limodzi tikanene, ndinalonjeza kuti ndidzakhala pambali pake mpaka titatuluka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndiye anati, “Aphunzitsi, kuja ine sindibwererako.”

Akubawo akali kuyenda m'komboni.