Kabuku Kamene Timataya Pamodzi ndi Katoni

Mwezi uno tikambirane za kanthu kamene ambiri a ife sitikasamala: kabuku ka malangizo kamene kamabwera ndi cigayo, njinga yamoto, pampu ya madzi kapena galimoto. Makina aculuka kuno ku Lundazi, koma citsulo cimodzi cikathyoka, kawirikawiri munthu ayenera kukacifuna ku Chipata, ulendo wa makilomita pafupifupi 180.

Tengani cigayo. Mabuku a injini zambiri za dizilo amalamula kuti oilo asinthidwe pakapita maola 250 a nchito. Cigayo cogaya maola 8 pa tsiku cimakwanitsa maolawo m'mwezi umodzi wokha. Amanenanso kuti pamalo afumbi, sefa ya mpweya iyeretsedwe tsiku ndi tsiku. Nanga kuli malo afumbi koposa m'cigayo? Mwini cigayo amene sanaone mau amenewa amangothira oilo watsopano pamwamba pa wakuda, mpaka tsiku lina injini yanoka. Pamenepo ena amayamba kunong'ona kuti wina wamucita cipongwe cifukwa ca nsanje, pamene cagwa ndi ca safunsa anadya phula. Wobvutika kwenikweni ndi amai, amene abwerera ku mtondo kapena kusenza cimanga kunka naco kumudzi wina.

Komabe sitingaimbe mlandu eni makina okha. Timabuku timeneti timalembedwa m'Cingelezi ca amisiri, cimene ngakhale ife amene tinapita kusukulu ya mishoni timaciwerenga tikukanda pamutu. Magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene amadzera ku Dar es Salaam ndi kulowa pa Nakonde, ambiri amafika ndi buku la Cijapani. Kodi dalaivala adziwa bwanji kuti kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo ka oilo kakayaka, ayenera kuzimitsa injini pomwepo, osati kuti akafike kaye pa boma?

Mankhwala a bvuto lotere makolo athu mu Mpingo anawadziwa kale, ndiwo makina osindikizira mabuku. Kucokera pamene Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo ku Mainz ca m'ma 1455, nzeru inaleka kukhala m'mutu mwa munthu mmodzi. Kuno kwathu nchitoyi anaigwira a Likuni Press ku Lilongwe, a Montfort Press ku Limbe, kumene magazini ya Moni inayamba mu 1964, ndi a Mission Press ku Ndola, imene Afransisko anatsegula mu 1970. Dayosizi yathu ya Chipata inacha nyumba yake yosindikizira dzina la Maximilian Kolbe woyera, amene anayamba magazini yake ku Poland mu 1922, ndipo abulazala anzake ndiwo anali kuyendetsa makinawo. Anthu a nchito imeneyi sasewera ndi malangizo: pa makina a offset, madzi ndi inki zikapanda kulingana, mapepala onse aonongeka. Acikulire akumbukiranso Gestetner ya mu ofesi ya parishi, ndi m'mene sitensulo inali kung'ambikira ikaikidwa mopotoka.

Makina amenewa anatipatsa katekisimu, nyimbo, ndi Malembo Oyera mu 1966, zonse m'cinenero cathu. Cotidabwitsa n'cakuti malangizo a cigayo cimene cimatidyetsa nsima akali m'cinenero ca eni ake.

Sitifunikira kudikira a ku Lusaka. M'parishi iliyonse muli mphunzitsi wodziwa Cingelezi ndi makanika wodziwa zitsulo. Awiriwa atakhala pansi Loweruka limodzi, angamasulire m'Cinyanja ndi m'Citumbuka masamba awiri okha ofunika: oilo wa mtundu wanji, asinthidwe liti, lamba amangidwe motani, ndipo dizilo ikatha mpweya ucotsedwe bwanji m'mapaipi. Pepalalo alijambule pa fotokope, aliike m'pulasitiki ndi kulikhoma pa khoma la cigayo, pamodzi ndi kope lolembamo maola a tsiku lililonse. Ngati cigayoco ndi ca gulu kapena ca mphakati, buku lenilenilo likhale kwa msungicuma, pakuti mnyamata wogayitsa akapeza nchito kwina, nthawi zambiri buku limapita naye m'cikwama.