El Niño si bodza la boma: idayezedwa m'nyanja mbewu zisanalowe pansi

Kuyambira pa chilala cha 2024 pali mawu amene akuzungulira m'makomboni a Lusaka, ndipo sakutha. Muwamva m'basi yochokera ku Kanyama, muwamva pa msika wa mbuzi ku Chibolya, muwapezanso pa WhatsApp. Akuti El Niño ndi dzina limene akuluakulu adatola mvula itakana kale, kuti apeze pobisala unga utakwera mtengo, malaiti atazima. Akuti Zambia ilibe nyanja yamchere, nanga madzi a ku Pacific angaumitse bwanji chimanga cha ku Mumbwa? Ena amangomaliza n'kuti a zanyengo ndi olota.

Mkwiyowo tikuumva. Mayi amene chaka chimenecho adaleka kugula thumba la unga n'kuyamba kugula timapaketi ta pamela, kapena mnyamata wometa amene makina ake ankakhala chete maola mpaka 21 pa tsiku, safunika kuphunzitsidwa kuti zinthu zidavuta. Koma mawuwa ndi abodza, ndipo akupulumutsa anthu omwewo amene eni mawuwo akufuna kuwadzudzula.

Tiyambe ndi masiku. Bungwe la NOAA la ku America lidalengeza pa 8 Juni 2023 kuti El Niño yayamba. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO lidatsimikiza pa 4 Julaye. Kuno kudali kuzizira, alimi akugulitsabe zokolola, mbewu yatsopano isanagulidwe n'komwe. Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, patapita pafupifupi miyezi 9. Chowiringula chimapekedwa mlandu utachitika. Ichi chidalembedwa poyera mvula isanagwe dontho.

Amene adalengezawo sadalote. Pa Pacific, motsata mzere wa pakati pa dziko, pali zida zoyandama zambiri, chilichonse chomangidwa ndi chingwe chofika pansi pa nyanja. Pamwamba chimayeza mphepo; pa chingwecho pali tizida toyeza kutentha kwa madzi mpaka mamita 500 kunsi. Zidaikidwa chifukwa El Niño ya 1982 ndi 1983 idadzidzimutsa asayansi eniake, ndipo ntchito yoziika idatha mu 1994 zitakwana pafupifupi 70. Ku Indian Ocean, kumene mphepo imatunga chinyezi chambiri cha mvula yathu, kuli zina zotere zotchedwa RAMA.

Chida chimene ife chimatigometsa ndi cha Argo. Ndi chitsulo choboola pakati, chachitali ngati mwana wa sukulu, chopanda injini, chopanda woyendetsa. Amachiponya m'nyanja kuchokera m'sitima. Chimamira mamita 1,000 n'kumatengedwa ndi madzi mumdima. Pakatha masiku 10 chimatsika mpaka mamita 2,000, kenaka n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, chikuyeza kutentha ndi mchere njira yonse. Chikatulukira pamwamba chimatumiza manambala ku satelaiti, n'kumiranso. Chimatero zaka zinayi kapena zisanu mpaka batire itatha. Zilipo pafupifupi 4,000 m'nyanja zonse, zolipiridwa ndi mayiko ambiri, ndipo manambala ake amaikidwa pa intaneti kwaulere. Wophunzira wa pa yunivesite ya UNZA atha kuwatsitsa lero. Boma limene lingafune kupeka bodza la El Niño liyenera kuyamba lanyengerera zitsulo zonsezo.

N'chifukwa chiyani amavutika kuyeza mwakuya? Chifukwa El Niño imayambira kunsi. Mphepo zimene nthawi zonse zimakankhira madzi ofunda kumadzulo kwa Pacific zikafooka, madziwo amabwerera kum'mawa atabisala pansi, ndipo zida zimawaona akudutsa asanaonekere pamwamba. Akafika pamwamba, malo amene mitambo ikuluikulu imapangika amasuntha. Aliyense wophika pa mbaula amadziwa kuti ukakankhira malasha mbali imodzi, mphika umawira mbali yomweyo. Pacific ndi yaikulu kuposa mtunda wonse wa dziko lapansi kuuphatikiza, choncho kusuntha kwakeko kumasokoneza mphepo mpaka kuno, ndipo kum'mwera kwa Africa kumatsika mpweya wouma m'malo mokwera wachinyezi. Kumapeto kwa 2023 madzi a pakati pa Pacific adatentha ndi madigiri pafupifupi 2 kuposa masiku onse, pamene theka la digiri ndi lokwanira kuti anene kuti El Niño yayamba.

Zoti izi zimafika m'munda si zatsopano. Mu 1994 Mark Cane ndi anzake adasonyeza m'magazini ya sayansi ya Nature kuti kutentha kwa madzi a kum'mawa kwa Pacific kumayenderana ndi zokolola za chimanga ku Zimbabwe. Akuluakulu amakumbukira chilala cha 1992 ndi chimanga chachikasu chija. Nacho chidabwera m'chaka cha El Niño. Cha 2015 ndi 2016 chimodzimodzi.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zolemera, ndipo sitizithawa. Yoyamba: El Niño ya 1997 ndi 1998 idali yamphamvu zedi, anthu adachenjezedwa, koma chilala chachikulu chimene ankaopa sichidabwere. Ndi zoona. Zoyeza zimanena kuti mwayi wa chilala wakula, sizilonjeza. Komabe mwa ma El Niño aakulu amene tatchula, ambiri adatiumitsa, ndipo munthu wosunga nkhokwe ya dziko sabetcha pa chaka chimodzi chimene tidapulumuka.

Yachiwiri ndi ya ku Chibolya ndi Kanyama kwenikweni. Mu Januwale 2024, pamene ankati kudzakhala chilala, anthu ankayenda m'madzi ofika m'mawondo, zimbudzi zitasefukira, kolera ikutenga anthu mpaka bwalo la National Heroes lidasanduka chipatala ndipo sukulu zidachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale. Mliri umenewo udapha anthu oposa 700. Munthu amene adaika mwana wake nthawi imeneyo ukamuuza za chilala angakuyang'ane bwanji? Koma madzi a m'komboni sanena za mvula ya chaka chonse. Chibolya ndi Kanyama zili pa thanthwe la laimu, malo athyathyathya, madzi apansi ali pafupi, ngalande n'zochepa ndiponso zodzaza zinyalala. Mvula ya masiku awiri imakwanira kumiza nyumba. Itangopita mvula ija kudachita ng'amba ya milungu yoposa isanu, nthawi imene chimanga chimafuna madzi kwambiri. Maboma 84 mwa 116 adakhudzidwa, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni adapserera, ndipo dziko lidakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni pamene chaka chapitacho lidakolola oposa 3.2 miliyoni. Chigumula ndi chilala zidachitika m'dzinja limodzi.

Tsono onani zimene bodza lija limataya. Ngati El Niño idapekedwa, ndiye kuti palibe amene adadziwa, ndipo palibe womufunsa. Koma adadziwa. Nthambi yathu ya zanyengo idachenjeza dzinja lisanayambe kuti madera ambiri alandira mvula yochepa. Bungwe la Zambezi River Authority lidapatsa kampani ya magetsi ya ZESCO ndi anzawo a ku Zimbabwe madzi a ku Kariba opangira magetsi okwana makiyubiki mita 16 biliyoni okha a 2024, kutsika kuchoka pa 30 biliyoni, poona za mvula yomweyo. Chenjezo lidafika m'maofesi. Mafunso oyenera kufunsa aphungu ndi nduna ndi akuti: pakati pa Juni ndi Novembala 2023 mudachita chiyani? Nkhokwe za boma za FRA zidasungidwa motani? Mbewu zocha msanga, mapira ndi chinangwa zidafika kwa alimi angati? Nanga wowotcherera zitsulo wa ku Chibolya adauzidwa liti kuti malaiti adzasowa, m'chilankhulo chimene amamva?

Pomaliza apa ndi pamene talephera kwambiri, ife atolankhani tili momwemo. Uthenga wa zanyengo umatuluka m'Chingerezi cha mu ofesi, ndipo ukafika pa kantemba umakhala utasanduka mphekesera. Makhansala a Kanyama, mawayilesi a m'makomboni ndi mipingo ayenera kuulandira mu Seputembala, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, utanena zinthu zogwirika: sungani unga, chotsani zinyalala m'ngalande, thirani klorini m'madzi.

Zida zija nazo si zamuyaya. Mu 2012 America idaimitsa sitima imene inkakonza zida za pa Pacific posowa ndalama, ndipo pofika 2014 manambala obwera adatsika kupitirira theka mpaka adayambanso kuzikonza. Zambia ndi membala wa WMO. Nthumwi zathu zikapita ku Geneva zizikalankhula za zida zimenezi, ndipo Nyumba ya Malamulo izizifunsa zikabwerako.