Bowa Wolimidwa M'madzi a Shuga

Bowa amene amayi amazula pachulu kapena pansi pa mitengo ya mombo mvula ikagwa ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera toyanga m'dothi kapena m'chipika chowola, tomwe akatswiri amatitcha mycelium. Kulima bowa m'madzi ndi kulera timaulusi timeneti m'botolo, m'malo modikira dzinja.

Kachitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Pa lita imodzi ya madzi pamathiridwa magalamu 20 mpaka 40 a uchi kapena shuga wa glukozi. Botolo limatsekedwa ndi chivundikiro chokhala ndi kabowo kotsekedwa ndi thonje kuti mpweya uzilowa, kenako limaphikidwa mu mpoto wa presha pa madigiri 121 kwa mphindi pafupifupi 20. Kuwiritsa wamba sikukwanira, chifukwa mabakiteriya ena safa pa madigiri 100. Madzi akazizira, amaponyamo kachidutswa ka ulusi wa bowa woyera bwino, nkumaligwedeza botolo tsiku ndi tsiku. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, m'madzimo mumayandama timitambo ngati thonje lonyowa.

Ntchito yoyamba ya madziwa ndi kupanga mbewu. Timamililita tochepa tothiridwa ndi sirinji m'mapira ophikidwa timafalikira msanga kuposa kachidutswa kouma, ndipo mapirawo ndiwo amasakanizidwa ndi utuchi, mapesi kapena zitsononkho za chimanga. Bowa wa oyisitala, yemwe alimi ambiri a bowa m'Malawi amalima m'majumbo, amalola njira imeneyi. Utale ndi manyame salola: woyambayo sabereka popanda chiswe, winayo amafuna mizu ya mtengo wamoyo.

Chovuta cha madzi a shuga ndi chakuti amabisa mdani. Nkhungu ndi mabakiteriya amakonda shuga yemweyo, ndipo botolo loipitsidwa likhoza kuwononga matumba makumimakumi mlimi asanazindikire. Madzi abwino amakhala oyera mbee pakati pa timitambo tija. Akachita mbuu kapena kununkha chowawasa, ngotaya. Mlimi wosamala amayamba wayesa kadontho m'kambale ka agar, chakudya chomeretsera ulusi, asanathire m'mapira.

Ntchito yachiwiri ndi ya mafakitale a mankhwala, komwe ulusi umakololedwa m'matanki akuluakulu osadikira bowa kumera. Mankhwala a PSK, ochokera ku ulusi wa bowa wa Trametes versicolor, anavomerezedwa ku Japan kuti aziperekedwa kwa odwala khansa pamodzi ndi chithandizo china. Ku Japan komweko Goro Chihara ndi anzake anapeza lentinan mu bowa wa shiitake mu 1969, ndipo mu 1985 mankhwalawa anavomerezedwa kwa odwala khansa ya m'mimba. Onse awiriwa mphamvu yawo ili mu ma beta-glucan, zinthu za m'khungu la maselo a bowa zimene zimadzutsa chitetezo cha m'thupi. Mawu ofunika apa ndi akuti "pamodzi ndi": madokotala sanasiye opaleshoni kapena kemo chifukwa cha bowa.

Ogulitsa ufa ndi tiyi wa bowa wa Ganoderma sachedwa kulumpha mawu amenewa. Aliyense wouza wodwala kuti asiye ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa cha kapaketi ka bowa akuseweretsa moyo wa mnzake. Ufa wina wolembedwa kuti "mycelium" umakhala kwenikweni mpunga umene ulusi unamerapo, wogayidwira limodzi.

Phindu losakayikitsa lili m'mbale ya ndiwo. Bowa wa oyisitala ali ndi zomanga thupi, mavitamini a gulu la B monga niacin ndi riboflavin, potaziyamu, komanso mafuta ochepa kwambiri. Akayanikidwa padzuwa, ergosterol wa m'thupi mwake amasanduka vitamini D2, kotero chizolowezi chakale chofutsa bowa ndi kumuyanika pamphasa chimawonjezera chakudya chimene bowa wolimidwa m'chipinda cha mdima amakhala nacho chochepa.